Katundu wabwino wopanda dzina: kuyenda pa M1 pakati pa ageni ndi aluso

Msewu wa M1 kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi wa makilomita opitirira pang'ono 300, ndipo tikhoza kuutcha msika wautali kuposa yonse m'dziko muno. Basi ikangoima, pawindo pamadzaza manja: malambe, tomato, kachewere, mtedza wokazinga, uchi wa m'mabotolo omwe kale munali Sobo kapena madzi akumwa. Zambiri mwa zinthuzi ndi zabwino zedi. Vuto ndi limodzi, zilibe dzina. Mukagula uchi pa Ntcheu n'kukaukonda mutafika kunyumba, mulibe njira yopezeranso amene anakugulitsani. Ulendo wotsatira mudzagula kwa wina, mwina wosakaniza ndi shuga wosungunula, ndipo mudzayamba kuuza anzanu kuti uchi wa pamsewu ndi wachinyengo. Mlimi wa njuchi wokhulupirika uja waluza kasitomala, iye osadziwa n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti mumsewu womwewu muli anthu amene ntchito yawo ndi kupatsa zinthu nkhope. Muli olemba zikwangwani, osema ziboliboli, atelala a pakhonde, oluka madengu, oumba makapu ndi osema zidindo. Ageni akudandaula kuti katundu wawo sakulowa m'mashopu akuluakulu chifukwa sanapakidwe bwino. Aluso akudandaula kuti ntchito yasowa. Anthuwa amakhala moyandikana, amakwera minibasi imodzi, ena ali mu banki m'khonde imodzi, koma kawirikawiri sakumana pa bizinezi. Pomwe akumana pamatuluka zinthu zoimitsa munthu kuti afunse mtengo. Tiyeni tiuyende msewuwu kuchokera kummwera, tione komwe akukumana ndi zomwe zikuwalekanitsa.

Limbe ndi Ndirande: burashi sinathe ntchito

Yambirani mu Limbe m'mawa, mashopu akungotsegulidwa kumene, kenako mutsikire ku Ndirande. Musayang'ane katundu, yang'anani makoma. Pa malo ometera pali mitu ya anyamata yojambulidwa chammbali, uliwonse ndi kametedwe kake. Pa butchala pali ng'ombe yonenepa kuposa ng'ombe iliyonse yomwe idaphedwapo pamenepo. Pa chigayo pali chimanga, pa saluni pali mayi womwetulira, pa okala pali dzina lolembedwa ndi zilembo zokhala ndi mthunzi: Tiyesenawo, Pang'onopang'ono, Zikomo Ambuye. Zonsezi adajambula ndi manja munthu wina wa m'dera lomwelo, ataima pa mpando kapena pa mgolo, ali ndi tizitini ta penti titatu kapena tinayi.

Anthu amenewa ndiwo adayamba ntchito yomwe lero achinyamata a pa kompyuta amaitcha branding. Amadziwa zinthu zomwe sadaphunzire m'kalasi: kuti chilembo chiwerengeke ndi munthu yemwe ali pa kabaza chiyenera kukula motani, kuti chikasu pa chakuda chimaoneka patali, kuti munthu wosadziwa kuwerenga amafuna chithunzi osati mawu ambiri. Makina osindikiza mabana a pulasitiki atachuluka m'tauni, ambiri mwa iwo ntchito idachepa. Komatu bana yapulasitiki ikapsa ndi dzuwa imafwifwa n'kung'ambika, pomwe khoma lopentedwa bwino limangofuna kudzutsa mitundu pakapita nthawi.

Tsopano taganizirani mayi wa ku Ndirande yemwe amapera chiponde n'kugulitsa mabotolo 40 pamwezi. Akapita ku kampani yosindikiza, mtengo wa sitika imodzi umatsika pokhapokha akaoda zambiri nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti waoda 1,000. Pa malonda akewo, zimenezo ndi za miyezi 25. Mpamba wake wonse wagona m'katoni ya masitika, ndipo zaka ziwirizo zisanathe akhoza kusintha nambala ya foni, kukula kwa botolo, ngakhale dzina lenilenilo. Onjezerani apo kuti pepala la sitika ndi inki zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chodalira ndalama zakunja chidakwera, ndipo wogulitsa pang'ono ndiye adamva kuwawa kwambiri.

Apa ndi pomwe dzanja limaposa makina. Wojambula amalemba dzina ndi kachithunzi ka mtedza papepala. Wosema zidindo amazisema pa labala, zilembo zitatembenuzidwa ngati pagalasi kuti zikadindidwa ziwerengeke bwino. Chidindocho mumalipira kamodzi. Kuyambira pamenepo mayi uja amadinda malebulo 40 a mwezi umenewo pa pepala lakhaki, madzulo ana atagona, n'kulemba tsiku ndi bolopeni. Zikasintha, asemetsa china. Kwa amene akufuna mtundu umodzi kapena iwiri pa thumba lansalu, pali anyamata odinda matisheti a masukulu ndi a makwaya. Sefa yomweyo yomwe amadindira yunifolomu imathanso kudinda matumba a mpunga.

Amene akukayika kuti mawu ochepa angathe kunyamula bizinezi atenge botolo la tsabola wa Nali, yemwe adayamba kupangidwa zaka za m'ma 1970 ndi a Alford Nalilo Khoromana. Pa lebulo pake pali chenjezo la mawu awiri: "Abale samalani." Mawuwo ndi a pakhomo, oseketsa pang'ono, koma onena zoona za zomwe zili m'botolomo. Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku London akaona botolo limeneli amalizindikira lisanatembenuzidwe n'komwe. Dzina likakhazikika limafika pomeza mtundu wonse wa katundu, monga momwe ambiri timatchulira chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi kuti sobo, ndi mankhwala aliwonse otsukira mano kuti kolugeti.

Pepala lochokera ku zinyalala

Musanatuluke mu Blantyre, pali luso lina lomwe achinyamata ambiri salidziwa. Bungwe la Paper Making Education Trust, lomwe ambiri amangoti PAMET, lidatchuka mumzindawu ndi kupanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala otayidwa, makungwa a nthochi, ngakhale ndowe za njovu. Kapangidwe kake si kovuta kukamvetsa. Mapepala akale amang'ambidwa n'kuviikidwa m'madzi, kenako amasinjidwa mpaka kukhala ngati phala. Phalalo limasakanizidwa ndi ulusi wa zomera, limatungidwa ndi sefa ya makona anayi, limafinyidwa madzi n'kuyanikidwa. Pepala lotuluka pamenepo ndi lokhuthala, lokhakhala pang'ono, ndipo lililonse limasiyana ndi linzake. Sopo wopangira pakhomo akakulungidwa m'pepala lotere n'kumangidwa ndi kachingwe ka khonje, amasanduka mphatso yoti mukhoza kupatsa apongozi popanda manyazi.

Nkhani ya pepala ili ndi kulemera kwina chifukwa cha majumbo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015. Makampani ena adakatsutsa kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi wa omwe adamenyera nkhondoyi, adalandira mphoto ya Goldman Environmental Prize mu 2021. Nkhaniyi yakhala ikubwererabwerera kukhoti ndipo majumbo sadatheretu m'misika, koma mbali yomwe mphepo ikulowera ikudziwika. Aliyense amene adaona mtsinje wa Mudi kapena ngalande za mu Limbe mvula yoyamba itagwa sangafunse chifukwa chake. Wageni amene ayambe lero kuzolowera thumba lapepala kapena lansalu sadzadzidzimuka tsiku lomwe jumbo lidzasoweretu.

Zalewa mpaka Lizulu: kukulunga si kwachilendo

Mukadutsa Lunzu ndi Lirangwe, msewu umatsikira ku chigwa cha Shire. Kumayamba kutentha, milambe imachuluka, ndipo mukaoloka mlatho pa Zalewa mupeza zipatso zake zili mbwee m'mbali mwa msewu. Mlambe ndi mphunzitsi woyamba wa kapakidwe ka katundu: chigoba cholimba, m'kati mouma, ufa wosaonongeka msanga. Koma ufawo ukangotuluka m'chigoba n'kulowa m'kapepala ka pulasitiki kopanda chilembo, wogula sadziwanso ngati wapetedwa pamalo aukhondo, wakhala nthawi yaitali bwanji, kapena ndani angamufunse mwana akatsegula m'mimba.

Makolo athu nkhani yosunga ndi kukulunga chakudya ankaidziwa bwino. Funsani agogo anu za chikwatu, mpira uja wa masamba a msuku womangidwa ndi luzi, momwe ankasungamo mfutso n'kuupachika kudenga la khitchini kuti udzathandize m'chilimwe ndiwo zikasowa. Mkate wa nthochi unkaphikidwa m'masamba a nthochi omwewo. Ufa unkayenda m'dengu, nsomba zouma m'mitanga ya nsungwi. Chilichonse chinali ndi chotengera chake chochokera kutchire kapena kudimba, ndipo chikatha ntchito chinkaola n'kubwerera m'nthaka. Amene akuluka timadengu ta mlaza toikamo botolo la uchi ndi paketi ya tiyi sakubweretsa chachilendo. Akungotenga zomwe zidalipo kale n'kuzichepetsa kuti zikwane pa shelefu.

Kupitirira Phalula ndi Chingeni msewu umayamba kukwera, ndipo mukadutsa Ntcheu boma mphepo imazizira. Chakuno msewu umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu mukhoza kugula kabichi mbali ino muli ku Malawi, n'kuoloka msewu kukagula anyezi muli ku Mozambique. Yang'anani momwe amayi amaunjikira tomato. Wamkulu ndi wofiira bwino amakhala pamwamba, mulu uliwonse uli chilili ngati kanyumba, kaloti atamangidwa m'mitolo yofanana, kachewere atadzaza ndowa mpaka kupanga phiri. Limenelo ndi luso la maso, ndipo amayiwa amadziwa kuti mulu wosanjidwa bwino umaimitsa galimoto.

Tomato wamuwisi safuna lebulo. Koma nthawi yomwe wachuluka, mtengo umagwa ndipo wambiri amaolera pamsika. Amene angamuphike kukhala jamu kapena sosi, kapena kuumitsa masamba kukhala mfutso waukhondo, wapulumutsa zokolola zomwe zikadatayidwa. Akatero walowa m'dziko lina, momwe wogula sangathenso kugwira, kununkhiza kapena kulawa asanalipire. Chomwe chatsala kuti chimulankhulire ndi chomwe chili kunja kwa botolo.

Pano tinene mosabisa zomwe luso la manja silingathe. Pepala lokongola silitchinga chinyezi, ndipo ufa wa malambe kapena wa soya ukakoka chinyezi umaumbika n'kuchita nkhungu. Dengu silisunga mafuta. Penti ya pakhoma ndi inki ya chidindo si zoti zikhudze chakudya, chimodzimodzi nyuzipepala zakale zomwe ena amakulungira tchipisi ndi mandasi. Chakudya chilowe kaye m'botolo lotsukidwa ndi kuwiritsidwa bwino, kapena m'paketi yopangidwira chakudya yomatidwa kukamwa. Luso likhale kunja: pa lebulo, pa kansalu ka chitenje kophimba chivindikiro, pa thumba lonyamulira. Atelala a pakhonde amataya tizidutswa ta chitenje tsiku lililonse, ndipo kachidutswa kosakwana ngakhale kolala ya malaya kamakwana bwinobwino kuvala chivindikiro cha botolo.

Kutsikira ku Mua: osema akufuna kasitomala wa chaka chonse

Musanafike ku Dedza, pa Masasa pali msewu wokhotera kudzanja lamanja, wotsika phiri mokhotakhota kulowera ku Golomoti. Ngati muli ndi tsiku lapadera, utsateni. M'mbali mwake anyamata amagulitsa timagalimoto, tinjinga ndi tindege tosema pamtengo, tina totseguka zitseko ndi kuzungulira mateyala. Mukafika pansi n'kukhotera kumpoto pa msewu wa kunyanja, simuchedwa kufika ku Mua, mishoni yomwe ansembe a White Fathers adakhazikitsa mu 1902. Kumeneko kuli KuNgoni Centre of Culture and Art, yomwe adayambitsa Bambo Claude Boucher a ku Canada mu 1976. Malowa aphunzitsa osema ambiri, ndipo mu Chamare Museum muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Luso la kuno ndi lapamwamba, koma msika wake ndi wosadalirika. Wosema ziboliboli amadikira mlendo wochokera kunja, ndipo alendo ali ndi nyengo yawo. Mu 2020, matenda a Covid-19 ataimitsa maulendo a ndege, ziboliboli zidangokhala pa mphasa kusonkhanitsa fumbi. Wogulitsa uchi, khofi kapena sopo ndi kasitomala wa mtundu wina. Salipira ndalama zambiri nthawi imodzi ngati mzungu wogula mpando wa mfumu, koma amabweranso mwezi wamawa. Amafuna timasupuni totungira uchi, timabokosi ta tiyi, mbale zoikapo sopo, kachikwangwani kosema ka pa kauntala. Dzanja lomwe limatha kusema sipoko ya njinga yaing'ono ngati chala silingalephere chidindo cha njuchi.

Palinso phindu ku nkhalango. Chiboliboli chachikulu chimafuna mtengo wa phingo, mbawa kapena mlombwa, mitengo yomwe imatenga zaka zambiri kuti ikule ndipo ikusowa. Kasupuni ka uchi kamatuluka m'zidutswa zotsala kwa kalipentala kapena mu mtengo wa malaina wodzala pakhomo.

Chenjezo limodzi lomwe munthu amatuluka nalo mu Chamare ndi la zithunzi zomwe timasankha. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO idamulemekeza mu 2005, si chokongoletsera wamba. Chilombo chilichonse chili ndi tanthauzo ndi eni ake. Kuika nkhope ya gule pa botolo la tsabola chifukwa choti ikuoneka yoopsa kukhoza kukhumudwitsa anthu omwewo amene mukufuna akugulireni. Wojambula wa m'deralo amadziwa malire amenewa, pomwe chithunzi chotola pa intaneti sichikuchenjezani. Zojambula zopanda mlandu zilipo zambiri: phiri la kwanu, nsomba ya chambo, mtengo wa mlambe, mtondo ndi munsi, njinga yonyamula nthochi.

Dedza: dothi lolembedwa dzina

Mukabwerera pa M1 n'kupitirira Bembeke, mufika ku Dedza, tauni yozizira ya m'munsi mwa phiri, pafupifupi makilomita 85 kuchokera ku Lilongwe. Apaulendo ambiri amakhotera ku Dedza Pottery, yomwe idayamba mu 1987, kukamwa khofi ndi kuona makapu, mbale ndi matailosi ojambulidwa pamanja. Chomwe chikutikhudza pa ulendo uno n'chakuti kumeneku munthu amatha kuoda ziwiya zolembedwa dzina kapena chizindikiro chake. Kapu yotere ikakhala pa tebulo la malo ogona alendo kapena odyera imagwira ntchito ya chikwangwani tsiku lililonse, ndipo mlendo akaikonda amafunsa komwe angaipeze. Ndi umboni woti ntchito ya manja ikhoza kuchitika mwadongosolo, kapu ya lero n'kufanana kukula ndi ya chaka chatha.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa waluso aliyense wofuna kugwira ntchito ndi ageni. Pa chithunzi chopachika pakhoma, kusiyana ndi ena ndiye mtengo wake. Pa lebulo, kufanana ndiye mtengo wake. Njuchi ya pa botolo la mwezi uno ikhale yomweyo ya mwezi wamawa, mtundu wa chikasu usasinthe chifukwa penti ina inatha, timadengu 50 tikhale toti botolo likwanemo tonse. Wogula amazindikira katundu ndi diso asanawerenge, ndipo chizindikiro chosinthasintha chimamupangitsa kuganiza kuti akumugulitsa chachinyengo.

Chakumpoto kwa tauniyi kuli mapiri a Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, omwe UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zimatchulidwa kuti ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa. Anthu amenewo analibe shopu ya penti. Ankagwiritsa ntchito dothi ndi zomwe anali nazo pafupi, ndipo zizindikiro zawo zikuonekabe. Mnyamata wa ku Dedza amene akuganiza kuti kujambula chizindikiro ndi nzeru yobwera ndi laputopu akwere kaye ku Chongoni.

Lilongwe: shelefu, foni ndi pangano

Kudutsa Linthipe, Nathenje ndi Nanjiri, mwalowa mu Lilongwe, komwe katundu yense uja amakayesedwa. Mu supamaketi, botolo la chiponde cha kwathu limaima pafupi ndi lochokera ku South Africa, ndipo wogula amasankha m'kanthawi kochepa. Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016 pofuna kuti tizigula zathu, koma kukonda dziko kokha sikukweza dzanja kupita pa shelefu ngati lebulo yamatidwa mokhota ndipo inki yayenderera.

Kukongola nakonso pakokha sikukwanira. Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo ya katundu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, limafuna kuti chakudya chopakidwa chinene zoona zake: dzina la chinthucho, zomwe zasakanizidwamo, kulemera kapena kuchuluka kwake, amene wapanga ndi komwe ali, ndi tsiku lomwe chidzathere mphamvu. Mashopu akuluakulu ambiri amafunsa satifiketi ya bungweli komanso barcode asanalandire katundu. Wojambula wanzeru amasiyiratu malo a zimenezi asanayambe maluwa. Ndipo palibe chithunzi chomwe chingachotse chuku mu mtedza wosaumitsidwa bwino. Lebulo yabwino pa katundu woipa imangofulumizitsa kugwa kwa bizinezi, chifukwa tsopano odandaula akudziwa dzina loti alitchule.

Shelefu ina ili m'manja mwanu. Malonda ambiri a achinyamata akuyenda pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, komwe katundu amaoneka ngati kachithunzi kakang'ono pakati pa mazana a zina. Pamenepo chinthu chopangidwa ndi manja chili ndi mwayi. Anthu ambiri akugwiritsa ntchito mapulogalamu amodzimodzi aulere, ndiye zizindikiro zawo zikufanana: kabwalo, tsamba lobiriwira, zilembo zopendekera. Chilembo cholembedwa ndi burashi ya munthu wa ku Kawale kapena ku Mchesi sichifanana ndi cha wina aliyense. Manja ndi foni sizilimbana. Chojambula cha papepala chikhoza kujambulidwa ndi foni pamalo owala, kuyeretsedwa pa kompyuta, n'kukhala chithunzi cha pa tsamba la bizinezi. Tsiku lomwe maoda adzafike masauzande, chojambula chomwecho ndicho chidzapite ku makina osindikiza.

Apa ndi pomwe maubale ambiri amathera. Kukambirana kwake kumayamba chonchi: "Achimwene, mungondijambulira kenakake kaching'ono, zikayenda ndidzakuonani." Waluso, poopa kuoneka wokonda ndalama, amayankha kuti, "Palibe vuto, mayi, tidzaona konko." Pakapita zaka ziwiri, chojambula chija chili pa mabotolo, pa matisheti ndi pa galimoto, koma mwini dzanja adangolandira ya thiransipoti. Mbali inayo nayo imalira. Wageni amalipira theka, waluso n'kuzimitsa foni sabata yomwe katundu amayenera kupita ku chionetsero, kapena kugulitsa njuchi yomweyo kwa wopikisana naye wa tsidya lina la msewu.

Mankhwala ake ndi pepala limodzi losainidwa ndi onse awiri, ngakhale lochokera m'kope la mwana wasukulu, aliyense n'kulijambula pa foni yake. Linene mtengo ndi nthawi yolipira, tsiku lomaliza ntchito, kuti chojambula chingakonzedwe kangati popanda kuonjezera ndalama, komanso funso lalikulu: kodi wageni wagula chojambulacho kotheratu, kapena wangololedwa kuchigwiritsa ntchito pa lebulo yokha? Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito za aluso, zojambula zili momwemo, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe ambiri amaliona ngati la oimba okha, lilipo pa nkhani zoterezi. Kulipira munthu kuti akujambulireni sikutanthauza nthawi zonse kuti umwini wonse wasamukira kwa inu ngati simunagwirizane momveka. Mbali ya dzina la malonda nayo ili ndi njira yake: limalembetsedwa ku ofesi ya boma yoona za zizindikiro za malonda, kuti wina asadzalitenge inu mutalitchukitsa kale. Chibale ndi fupa sichiola, koma ngongole yosalembedwa yaolesa zibwenzi zambiri.

Kulipira sikuyenera kukhala ndalama zambiri nthawi imodzi. Ena amagwirizana kuti waluso azilandira kangachepe pa thumba lililonse lomwe wadinda, zomwe zimamupatsa chifukwa chofunira bizineziyo zabwino. Ndipo kachilembo kakang'ono m'mphepete mwa lebulo kotchula amene wajambula sikadya malo, koma kamabweretsera walusoyo kasitomala wotsatira.

Poyambira pali pafupi

Simukuyenera kudikira supamaketi. Chaka chilichonse kukayamba kutentha, Loweruka lililonse kumakhala zinkhoswe, maukwati ndi ma bridal shower, ndipo makomiti amagula timphatso ta alendo, kawirikawiri tapulasitiki tochokera kunja tomwe timathyoka sabata isanathe. Oda imodzi ya timabotolo 100 ta uchi kapena ta tsabola wa kambuzi, tovala chitenje cha mwambowo ndi kalebulo kodindidwa maina a akwati, imadyetsa mlimi, telala, wosema chidindo ndi wojambula nthawi imodzi. Alendo 100 aja amapita kwawo ndi nambala ya foni m'chikwama.

Ambiri mwa inu muli ndi mayi, azakhali kapena mlongo amene amapanga chinachake chokoma chomwe chimadziwika ndi anthu a mumpingo mwawo okha. Mulinso ndi mnzanu wa ku sekondale amene ankadzaza kumbuyo kwa makope ndi zithunzi, yemwe lero akungokhala. Inu muli ndi foni, mumadziwa kujambula chithunzi chowala ndi kulemba mawu oitanira malonda. Mutu umodzi susenza denga. Akumanitseni awiriwo Lamlungu likubwerali, pakhale botolo patebulo, pepala ndi pensulo, ndipo nkhani ya mtengo ikambidwe tiyi asanazizire.